Kuyenda wapansi motsata njanji yakale ya ku Changalume

Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975, koma mumzindamu simunaimepo sitima ndi tsiku limodzi lomwe. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera kumunsi kwa Shire. Pamene ankaipititsa kumpoto, mpaka inakafika ku Salima mu 1935, anaidutsitsa ku Lunzu ndi ku Lirangwe n'kuwoloka Shire kulowera ku Balaka, phiri lathu la Zomba n'kulisiya kum'mawa. Ya ku Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970, inadzera ku Liwonde. Ndiye mwana wa ku Chinamwali kapena ku Matawale akhoza kufika Fomu 4 asanaionepo sitima ndi maso.

Komatu boma la Zomba lili nayo njanji yakeyake kuseri kwa phiri. Ku Changalume kampani ya Portland Cement inkakumba miyala ya laimu n'kumaiwotcha, ndipo zowotchazo, zimene amati kilinka, zinkapita pa sitima ku Blantyre kukagayidwa kuti zikhale simenti. Anachita kumanga nthambi yochoka pa njanji yaikulu ya Blantyre kupita ku Balaka, kudzafika pa fakitaleyo. Ntchito ya ku Changalume inaima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nthambiyo n'kusowa chonyamula. Ulendo umene ndikufuna kukukonzekeretsaniwu ndi wotsata nthambi imeneyi wapansi, kuyambira cha ku Changalume kulowera kumadzulo mpaka kukakumana ndi njanji yaikulu. Muupatse masiku awiri, mugone kumudzi usiku umodzi.

Njira za mtundu uwu ndimazikonda chifukwa sitima siitha kukwera chitunda chowongoka. Amene ankayeza njanji ankazungulira mapiri, kudula zitunda ndi kukwirira zigwa kuti njira isakhale yotsetsereka kwambiri. Munthu amene amapuma movutika pokwera phiri la Zomba akhoza kuyenda tsiku lathunthu pa njanji yakale osadandaula mawondo. Koma njirayi siili m'nkhalango ya boma. Ikudutsa m'minda ya anthu, kuseri kwa makhitchini awo, pafupi ndi manda awo. Kukonza miyendo ndi chikwama ndi gawo limodzi chabe la ulendowu. Gawo linalo ndi anthu amene mudutse pakhomo pawo, ndipo ndi limene achinyamata ambiri a m'tauni amalinyozera.

Choyamba, siyanitsani njanji yakufa ndi yamoyo

Njanji ya Blantyre kupita ku Balaka ndi yamoyo. Ya Nkaya, Liwonde mpaka Nayuchi ndiye yamoyo zedi, chifukwa mumadutsa sitima zazitali zonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala ku Mozambique. Sitima yodzaza katundu singaime pomwepo ngakhale woyendetsa atakuonani bwinobwino, ndipo mphepo ikamawomba molowera komwe sitimayo ikuchokera, simuimva mpaka itayandikira. Musayende pakati pa njanji zimenezi ngakhale pang'ono, ndipo pa mlatho wake musayerekeze n'komwe. Kuzindikira n'kosavuta: njanji yamoyo imanyezimira pamwamba chifukwa mawilo amaipukuta, pamene yakufa imachita dzimbiri paliponse ndipo pakati pake pamamera zitsamba, nthawi zina ndi mitengo yomwe.

Njanji zonse ndi katundu wa boma, ndipo mu 1999 boma linazipereka kwa kampani ya Central East African Railways kuti iziziyendetsa. Kukhala yakufa sikutanthauza kuti ilibe mwini. Bawuti, kachitsulo, chikwangwani chogwa, zisiyeni pomwe mwazipezapo. Anthu a m'mbali mwa njanji amawadziwa bwino anthu ozula zitsulo kukagulitsa pa sikelo, ndipo akakupezani ndi kachitsulo m'chikwama, palibe amene adzakhulupirire kuti munangokatola kuti kakhale chikumbutso.

Sankhani mwezi

Juni ndi Julayi ndiyo miyezi yabwino. Mvula yatha, mitsinje yaphwera, chimanga chakololedwa ndiye mukuona patali, ndipo dzuwa likadali lofatsa. Kumbukirani kuti mbali ya Chingale, kuseri kwa phiri la Zomba, ndi yotsika kusiyana ndi tauni, choncho kumakhala kotentha ngakhale tsiku limene ku Ku Chawe kuli chiperoni. Ogasiti nayenso ndi wabwino, kungoti anyamata amakhala ayamba kutentha tchire posaka mbewa, ndipo m'midzi yambiri mumakhala zinamwali. Okutobala ndi Novembala asiyeni. Miyala ya pa njanji imatentha mpaka kumveka kudzera m'nsapato, ndipo mthunzi umasowa. M'nyengo ya dzinja udzu umabisa njira ndi maenje omwe, ndipo kamtsinje kamene mukanalumpha kamasanduka mtsinje weniweni.

Zoloweretsani miyendo

Yambani kudakali masabata anayi kapena asanu. Sabata yoyamba ingoyendani ola limodzi m'mawa masiku atatu. Loweruka lachiwiri kwerani Potato Path, kanjira ka wapansi kokwera phiri la Zomba, mpaka ku Ku Chawe, muzungulire ku damu la Mulunguzi, mutsike wapansi. Kutsikako ndi kumene kumakuuzani zoona za mawondo anu ndi za zala za kumapazi. Kenako yambani kuyenda ndi chikwama chimene mudzanyamule, chili ndi madzi ake, kuchoka m'tauni kulowera ku Songani kapena ku Thondwe n'kubwerera pa minibasi. Sabata yomaliza yendani masiku awiri otsatizana, chifukwa vuto la ulendo wautali silikhala tsiku loyamba, limakhala m'mawa wa tsiku lachiwiri miyendo itauma. Nsapato zimene mukuchitira zonsezi ndi zomwezo mudzavale. Nsapato yatsopano, ngakhale yodula bwanji, isayambire pa ulendowu.

Musapite nokha. Anthu atatu kapena anayi ndi okwanira: wina akavulala, mmodzi atsala naye, wina athamangira thandizo. Mukapitirira asanu ndi mmodzi mumakhala chigulu cholemetsa amene akukulandirani usiku.

Kalata, mfumu ndi wokutsogolerani

Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo. Anthu anayi achilendo, zikwama kumsana, akuyenda kuseri kwa mudzi uku akuloza ndi kujambula, amadzutsa mafunso. Tonse tikukumbukira 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafalikira m'maboma a kum'mwera kuno, anthu osalakwa n'kuphedwa chifukwa chongokhala achilendo pamalo. Anthu akumudzi si ankhanza. Ambiri adzakupatsani mpando ndi madzi musanapemphe. Koma mantha akalowa m'mudzi amayenda msanga kuposa inu, ndipo mankhwala ake ndi kudziwika musanafike.

Chitani izi. Kudakali sabata imodzi, mmodzi kapena awiri a inu apite ku Changalume tsiku limodzi, popanda zikwama, kukangocheza. Galimoto ndi njinga zamoto zolowera kumeneko muzifunsa ku depoti ya Zomba. Mbali yaikulu ya dera la Chingale ili pansi pa Mfumu Yaikulu Mlumbe, koma amene mukumufuna kwenikweni ndi nyakwawa ya mudzi umene muyambirepo, ndipo iyeyo ndi amene angakulozereni kwa gulupu ngati pakufunika kutero. Tengani kalata yochokera kumene mumadziwika, kaya kumpingo, kumzikiti, kusukulu, kuntchito kapena kwa mfumu ya kwanu, yonena mayina anu, tsiku ndi cholinga cha ulendo. Aliyense anyamule chiphaso chake cha unzika. Pitaninso ku polisi yapafupi mukanene zomwezo, ndipo mufunse nambala ya foni ya wapampando wa chitetezo cha m'mudzi.

Pofika kwa mfumu musalunjike pakhonde. Imani chapatali m'bwalo, vulani chipewa, nenani "Odi kuno!" ndipo dikirani. Akakupatsani mpando kapena mphasa, khalani kaye, moni ayambe ndi eni khomo. Akafunsa za kumene mwachokera, yankhani modekha, nkhani ya njanji ibwere pambuyo: "Wawa a mfumu, ife ndi ana anu, tachokera ku Zomba m'tauni. Timafuna Loweruka likudzali tidzadutse m'mudzi mwanu muno wapansi, kutsata njanji yakaleyi mpaka kumene yathera. Tati tisangodutsa ngati akuba, tiyambe taonekera kwa eni mudzi." Kenako perekani kalata ndi manja awiri. Paketi ya shuga kapena ya mchere siichititsa manyazi, ndipo muipereke potsanzika, osati polowa, kuti isaoneke ngati mukugula chilolezo. Dera limeneli kuli Ayao ambiri, ndiye "Ajimwiche uli?" wa m'mawa amatsegula nkhope za agogo kuposa kalata ina iliyonse.

Pomaliza pemphani mfumu ikupatseni mnyamata kapena bambo wodziwa njira kuti akuperekezeni, ndipo mugwirizane malipiro ake pamaso pa mfumu pomwepo, kuphatikizapo chakudya ndi ndalama yobwererera. Ameneyu ndi wofunika kuposa mapu. Amadziwa mjigo umene ukutulutsa madzi ndi umene unafa, munda umene mwini wake safuna anthu odutsa, ndi mlatho umene unakokoloka. Namondwe wotchedwa Ana mu 2022 ndi wotchedwa Freddy mu 2023 anasintha mitsinje yambiri kum'mwera kuno, choncho zimene munthu anaona zaka zisanu zapitazo musazidalire. Safunsa anadya phula. Mukapeza mkulu amene anagwirapo ntchito pa fakitale kapena pa njanji, khalani naye pansi ola lathunthu, chifukwa adzakuuzani pamene sitima inkaima ndi pamene inkapatukira, zinthu zimene maso anu sangazione okha.

Chinthu china: ku Changalume masiku ano kuli asilikali. Ulendo wanu uyambire kunja kwa malire awo, pamalo pamene wokutsogolerani akuonetseni. Musajambule geti, mpanda kapena nyumba zawo, ndipo foni ikhale m'thumba mpaka mutatalikira.

Okonda mbiri akhoza kuyamba adutsa ku National Archives, nyumba yosungira zolemba zakale za boma yomwe ili konkuno ku Zomba, kukafunsa mapu ndi zolemba zakale za njanji. Pa foni tsegulani mapu a zithunzi za m'mwamba mudakali pa netiweki yabwino, mutsate mzera wa njanjiyo ndi chala, ndipo mujambule zidutswa zake kuti muzidzaziona ngakhale netiweki itasowa.

Za m'chikwama

Chikwama chisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lanu. Ngati mumalemera makilogalamu 60, malire anu ndi 12, ndipo kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Madziwo ndiye katundu wamkulu. Nyamukani ndi malita atatu aliyense, m'mabotolo awiri kapena atatu osati m'chigubu chimodzi, ndipo mudzaze pa mjigo uliwonse umene mwaupeza ngakhale botolo litangotsika pang'ono. Pa mjigo dikirani pamzere monga aliyense. Nthawi zambiri amayi adzakuuzani okha kuti tungani, ndipo mukatero apopereniko chidebe chimodzi musanachoke. Madzi a pachitsime chosaphimba kapena a mumtsinje muwawiritse, apo ayi muthire WaterGuard motsata muyezo wolembedwa pa botolo n'kudikira mphindi 30.

Nsapato zikhale za pansi pochindikala, chifukwa miyala ya kwale imene amathira pa njanji ndi yosongoka ndipo nsapato yopyapyala imakulasani phazi lonse pofika masana. Masokosi mapeyala atatu. Buluku lalitali osati kabudula, malaya a manja aatali opepuka, chipewa cha khonde, juzi ya usiku, ndi mapatapata ovala mukafika pogona. Amayi amange chitenje pamwamba pa buluku podutsa m'midzi, ndipo abambo nawonso atenge chimodzi, chifukwa chimagwira ntchito ya chofunda, chopukutira, mthunzi ndi bandeji. Neti ya udzudzu, kabulangete, tochi, machesi, kampeni, sopo, pawabanki. Ndalama zikhale za manotsi ang'onoang'ono, zogawa m'matumba awiri, chifukwa wa Airtel Money kapena Mpamba simumupeza paliponse.

Kamba wa panjira mugule pa msika wa Zomba kapena ku Mpondabwino dzulo lake: mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, mbatata yophika, chigumu, nthochi zosapsetsa, chiponde ndi buledi. Za madzulo tengani ufa makilogalamu awiri, matemba kapena usipa wouma, kabotolo ka mafuta, mchere, tomato ndi anyezi, shuga ndi masamba a tiyi. Mudzaona pansipa chifukwa chake ndikuti mutenge zochulukirapo.

M'kathumba ka mankhwala muikemo pulasitala, bandeji, Vaseline, singano yatsopano, mankhwala otsukira bala, panado ndi mapaketi a Thanzi ORS. Akatha, sakanizani nokha: lita imodzi ya madzi abwino, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere.

Kuiwerenga njanji pamene yafufutika

Anthu amaganiza kuti kutsata njanji ndi kungoyang'ana zitsulo ziwiri. Pa njanji imene yakhala zaka zoposa 20 osagwira ntchito sizikhala choncho nthawi zonse. Pamene zitsulo zilipo, zithokozeni. Pamene zakwiririka kapena palibe, muyenera kuphunzira kuona ntchito ya manja a anthu m'nthaka.

Chizindikiro choyamba ndi mtumbira. Podutsa m'dambo kapena m'chigwa, omanga ankaunjika dothi kuti njanji ikhale pamwamba, ndipo mtumbirawo umaoneka ngati mzere wa mbatata waukulu umene mlimi wake anaiwala polekezera. Pamwamba pake ndi posalala, pokwana ngolo imodzi. Chachiwiri ndi mpata wodula. Pamene panali chitunda ankachiboola, ndiye mumapezeka mukuyenda pakati pa zipupa ziwiri za dothi kapena za mwala zotsetsereka mofanana mbali zonse, zimene madzi okha sangazipange. Chachitatu ndi miyala ya kwale. Ngakhale munthu atalima pamwamba pa njanji, khasu limangoitembenuza miyalayo, siichoka. Mukaona m'munda muli timiyala tosongoka tofanana kukula, tosiyana mtundu ndi miyala ya pamalopo, mwaima pa njanji. Yang'ananinso mbewu: pa mzera umenewo nandolo kapena chinangwa chimakhala chofupikirapo chifukwa pansi ndi pouma ndi pamiyala.

Chinayi ndi khalidwe la njanji lenilenilo. Siikhota mwadzidzidzi, ndipo siikwera kapena kutsika mwadzidzidzi. Mukaona kanjira kamene mukutsata kathyoka molunjika kumanja, kapena kayamba kukwera moti mukugwira mawondo, dziwani kuti mwatsata njira ya kumunda kapena ya kumjigo. Imani, bwererani pamalo omaliza pamene munali otsimikiza, muyang'ane kutsogolo molunjika kumene njanji inkaloza. Kawirikawiri mudzaona mzera wa mitengo, kalavati kapena mpata patsogolo pang'ono. Pakati pa zitsulo ziwiri za njanji za kuno pali mamilimita 1,067, kungopitirira pang'ono mita imodzi, ndiye chilichonse chimene mukuchiganizira kuti ndi njanji chiyenera kukhala chotambalala kuposa pamenepo.

Pamene njanji yalowa m'munda wobzalidwa, kapena pakhomo pa munthu, musaumirire kuti mupondepo. Zungulirani m'malire, mukaipezanso kutsogolo. Pamene zitsulo zopingasa zimene njanji imagonapo zikadalipo, musayese kuponda chimodzichimodzi, chifukwa zinayalidwa motalikirana mosagwirizana ndi phazi la munthu ndipo pakatha ola chiuno chimayamba kuwawa. Pafupifupi paliponse pambali pamakhala kanjira ka anthu ndi njinga. Yendani m'menemo.

Milatho ndi makalavati

Imani pa kalavati imodzi mutsikire pansi muione. Mudzapeza miyala yosemedwa kapena konkire yochindikala, kamphepo kozizira kakutuluka mkati, mchenga wosalala umene madzi a dzinja anasiya, ndi mapazi a mbuzi ndi a ana. M'mwamba mwake mumakhala zisa za dothi za anamzeze. Ndi malo abwino opumulirapo masana, koma yambani mwaima chapatali n'kumvetsera. Njuchi ndi mavu amakonda malo omwewo. Mukamva kulira kwa njuchi kapena kuona zikulowa ndi kutuluka pa mng'alu, chokanipo mwakachetechete, osaponya mwala.

Mlatho wa njanji sanaupangire munthu woyenda pansi. Ulibe chogwirira, ndipo pakati pamakhala mipata yoti mwendo n'kulowa. Lamulo langa ndi lakuti ngati anthu a pamalopo sawolokerapo, inunso musawolokerepo. Tsikirani kumene amawolokera iwo. Ngati amawolokerapo, pitani mmodzimmodzi, lamba wa chikwama wa m'chiuno atamasulidwa, maso pa phazi, ndipo foni ikhale m'thumba. Powoloka madzi sankhani pamene akuthamanga ndipo musachedwemo. Madzi odikha a m'madambo, okhala ndi nkhono, ndi amene amapatsa likodzo, ndiye kusamba m'menemo ayi ngakhale thukuta litakuvutani chotani.

Kagawidwe ka tsiku

Nyamukani kukangoyera, cha m'ma 5:30. Pa njira yabwino munthu amayenda makilomita anayi pa ola, koma pa miyala ya kwale, ndi chikwama, ndi moni wa panjira, werengerani atatu. Ola lililonse pumulani mphindi khumi, chikwama pansi, mumwe madzi ngakhale ludzu lisanabwere. Kuyambira 11 koloko mpaka cha m'ma 2 khalani pamthunzi, muvule nsapato ndi masokosi kuti mapazi aume. Pofika 4 koloko mukhale mutafika pogona, chifukwa m'miyezi imeneyi dzuwa limalowa isanakwane 6, ndipo mlendo wofika mumdima amadetsa nkhawa eni mudzi. Amene amayenda pang'onopang'ono ndiye akhale patsogolo.

Thuza limayamba ndi kamalo kotentha pachidendene kapena pachala. Mukangokamva imani pomwepo, musati tikafika pamtengo uwo. Vulani, pukutani, matani pulasitala mosakwinyika, pakani Vaseline mozungulira, sinthani sokosi. Ngati thuza latupa kale ndipo likukulepheretsani kuponda, tsukani ndi sopo, wotchani nsonga ya singano pa machesi, boolani m'mphepete, finyani madzi atuluke, koma khungu la pamwamba lisachoke. Kenako thirani mankhwala n'kumata. Laling'ono losapweteka lisiyeni lokha.

Mnzanu akayamba kudandaula mutu, chizungulire kapena nseru, kapena akangokhala chete mosazolowereka, mukhazikeni pamthunzi, mumupatse ORS pang'onopang'ono, munyowetse chitenje mumufunditse m'khosi. Akayamba kulankhula zosokonekera, ulendo wathera pomwepo, itanani njinga yamoto apite kuchipatala.

M'mipata yodula ndi m'mbali mwa mitsinje chenjerani ndi chitedze, chimene m'miyezi imeneyi chimakhala chitauma ndipo ubweya wake umauluka mukangogwedeza chitsamba. Chikakugwerani musakande, vulani malayawo. Njoka yoopsa pa njira ngati iyi ndi mphiri, chifukwa siithawa, imangogona pamiyala yofunda. Tengani ndodo, yang'anani pamene mukuponda, ndipo musalowetse dzanja pansi pa chitsulo kapena m'phanga. Wina akalumidwa, musacheke, musayamwe, musamange chingwe chothina. Mugonekeni, muvuleni mphete kapena chibangili, mwendowo usagwedezeke, ndipo mumunyamule kupita kuchipatala msanga. Moto wa tchire ukamabwera, musathawire kumtunda patsogolo pake. Pitani pamalo opsa kale, pamunda wolimidwa kapena mumchenga wa mtsinje.

Mukaona masamba aikidwa panjira, m'mudzimo muli maliro. Vulani zipewa, lekani kuseka ndi kujambula, ndipo ngati wokutsogolerani wati mukhale pansi pang'ono mupepese, chitani zomwezo. Kamsitu kowirira kokhala pakati pa minda nthawi zambiri ndi manda, musalowemo kukafuna mthunzi kapena kukadzithandiza. Kumene kuli ndagala kapena tsimba, tsatirani njira yolambalala imene akuonetseni popanda kufunsa zambiri. Munthu aliyense, makamaka mwana, musamujambule musanapemphe.

Pogona

Pogona pakhale pokonzeratu kudzera kwa mfumu ija, imene ingatumize mawu kwa inzake ya kutsogolo. Mwina adzakupatsani chipinda kwa mfumu komweko, mwina kalasi ya pasukulu kapena khonde la tchalitchi. Kumanga tenti patchire nokha n'kumene kumabweretsa mavuto, chifukwa m'mawa mwake mudzi wonse umakhala ukufunsana kuti anthu aja ndani.

Mukafika, ufa, ndiwo, mafuta ndi mchere zija muzipereke kwa mayi wa pakhomopo zonse, osachita kuyeza za anthu anayi. Adzaphika mphika umodzi wa banja lonse ndi inu nomwe, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Juni ndi Julayi nkhokwe zimakhala zili ndi kanthu, komabe musalole kuti akuphereni nkhuku imene simunaikonzekere kubweza. Ngati aphera, siyani ndalama yake m'manja mwa mayiwo potsanzika, mwakachetechete. Thandizani kutunga madzi osamba. Mangani neti musanadye, kukadali kowala. Mowa usiyeni m'tauni. Mukatha kudya khalani panja ndi eni khomo, ndipo funsani za nthawi imene sitima inkadutsa. Mafunso osavuta ndi amene amatsegula nkhani: inkadutsa nthawi yanji, ana ankaithamangira, ndani m'mudzi muno ankagwira ntchito kufakitale, zinthu zinasintha bwanji itasiya kubwera. Mukafuna kulemba kapena kujambula mawu awo, pemphani kaye.

M'mawa sesani pamene munagona, mapepala ndi mapulasitiki anu abwerere m'chikwama, ndipo mukatsanzike kwa mfumu ngakhale mutafulumira bwanji.

Pothera ndi pobwerera

Mudzadziwa kuti mwafika mukaona zitsulo zonyezimira ndi miyala yoyera yopanda udzu. Imeneyo ndi njanji yaikulu, ndipo ulendo wanu wa pa njanji wathera pomwepo. Musaitsate. Ngati pakufunika kuwoloka, wolokerani pamene anthu amawolokera, mutayang'ana mbali zonse ziwiri. Mulipireni wokutsogolerani zonse zimene munapangana, mumupatse ndi kamba wotsala, ndipo muimbire mfumu ya koyambira ija kuiuza kuti mwafika bwino ndipo mwana wawo akubwerera. Kuchoka apo pezani kabaza akutulutseni ku Lirangwe pa msewu wa M1, mukwere minibasi ya ku Blantyre, kenako ya ku Zomba kuchokera ku Limbe. Yesetsani kukhala pa M1 isanakwane 3 koloko kuti mulowe mu Zomba kusanade kwambiri.

Mukafika kunyumba sambani ndi sopo ndipo mudzifufuze nkhupakupa m'khwapa, m'chiuno ndi kuseri kwa mawondo. Matuza muwasiye pamphepo. M'masabata awiri otsatira, thupi likangotentha kapena kuphwanya, pitani mukayezetse malungo tsiku lomwelo ndipo muwauze achipatala kumene munagona. Ngati munalowa m'madzi odikha, auzeninso zimenezo kuti akuuzeni nthawi yoyenera kudzayezetsa likodzo.